Safunsa adagula chimbudzi cholakwika

Zimayamba bwinobwino ndithu. Bambo asunga ndalama kwa chaka chathunthu, mayi nawo atapa zawo kubanki m'khonde, ndipo banja lagwirizana kuti nthawi yotuluka panja usiku ndi tochi yatha. Kachipinda kosambiramo kakonzedwenso, muikidwe shawa, beseni losambira m'manja ndi chimbudzi chogejemula. Pulambala wafika, wayendera chipindacho, wagogoda makoma, kenaka wayamba kuyala nkhani.

"Apa bwana pafunika P-trap chifukwa outlet yanu ili kukhoma. Tipanga chasing, tichotse GI yonseyi tiike PPR. Pansipa tithira screed kuti tipeze fall yabwino. Za gully ndi vent tiona pambuyo."

Bwana akungovomera ndi mutu. Pa zonse zanenedwazo atolapo mawu awiri okha, "bwana" ndi "kukhoma". Koma kufunsa sakufuna, akuopa kuoneka mbuli pamaso pa munthu amene amulemba okha ntchito. M'mawa mwake alawirira kuhadiweya, asankha chimbudzi chimene chawadolola maonekedwe, alipira, alipiranso galimoto yochinyamula. Pofika nacho kunyumba, pulambala wangogwira pakamwa. Chimbudzicho ndi cha S-trap, chotulutsira pansi, pomwe paipi ya nyumbayo ili kukhoma. Pa lisiti padalembedwa kale kuti katundu akatuluka m'sitolo sabwezedwa.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Masiku ano safunsa akugula chimbudzi cholakwika, ndipo zoterezi si zachilendo kulikonse kumene anthu akumanga kapena kukonzanso nyumba, kaya ndi ku Area 25 ndi Area 49 ku Lilongwe, Machinjiri ndi Chirimba ku Blantyre, kapena Luwinga ku Mzuzu. Aliyense akufuna nyumba yokhala ndi bafa m'kati, eni nyumba za lendi nawo adadziwa kuti chipinda chokhala ndi bafa lakelake chimakwera mtengo.

Munthu amene sadziwa dzina la chinthu chimene akulipira sangadziwe ngati wapatsidwadi chinthucho. N'chifukwa chake mwini nyumba aliyense, asadatulutse ngakhale tambala, ayenera kudziwa tanthauzo la mawu ochepa amene amisiri a mapaipi amagwiritsa ntchito. Mmisiri amene akulephera kapena kukana kufotokoza mawuwo m'Chichewa chomveka sayenera kupatsidwa ntchitoyo.

Zipangizo za m'bafa si zotchipa. Zimbudzi, mipopi, magiza ndi matailosi ambiri amachokera kunja, kumaiko monga South Africa ndi China, ndipo ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake idakwera nawo. Kulakwitsa kamodzi m'bafa kumatanthauza kugula kawiri, nthawi zina kugumula zimene zamangidwa kale.

Timadzi totsala pansi pa chimbudzi

Liwu loyamba kulidziwa ndi trap. Uku ndi kupindika kwa paipi kumene kumasunga timadzi pang'ono nthawi zonse. Aliyense amene adasuzumirapo m'chimbudzi chogejemula adaona kuti pansi pamatsala madzi ngakhale chigejemulidwe kangati. Madzi amenewo amagwira ntchito ya chitseko. Amatchinga fungo, mpweya woipa ndi mphemvu zochokera kudzenje kuti zisabwerere m'nyumba. Nzeruyi ndi yakale kwambiri. Alexander Cumming, mmisiri wa mawotchi wochokera ku Scotland, adalembetsa chimbudzi cha paipi yopindika ngati chilembo S m'chaka cha 1775.

Chimbudzi cha P-trap chimatulutsira zoipa chakumbuyo, kudzera kukhoma. Cha S-trap chimatulutsira pansi. Kusiyana kwake n'komweko basi, ndipo munthu angadziwe chimene akufunika pongoyang'ana pamene paipi yaikulu yatulukira m'chipindacho. Pali kachipangizo kotchedwa pan connector, kolumikiza chimbudzi ndi paipiyo, kamene nthawi zina kamapulumutsa wogula molakwika, koma si nthawi zonse, chifukwa zimatengera malo amene alipo pakati pa chimbudzi ndi khoma.

Beseni ndi shawa nazo zimafunika trap yakeyake. Apa ndi pamene amisiri ena achinyengo amadyera, chifukwa trap ya pansi pa shawa sioneka ntchito ikatha. Akaisiya, madzi amapita ndithu, mwini nyumba n'kukhutira. Pakatha sabata zingapo bafa limayamba kununkha, mayi n'kumakalipira ana kuti sakukolopa, chikhalirecho vuto lili pansi pa simenti.

Mawu ena atatu amayendera limodzi ndi trap. Vent ndi paipi imene imakwera kunja kwa khoma mpaka kupitirira denga. Imatulutsa mpweya woipa m'mwamba, imalowetsanso mpweya m'mapaipi kuti madzi akamatsika mwamphamvu asakoke timadzi ta mu trap tija. Beseni likamalira ngati munthu akutsuka kukhosi pamene wina wagejemula chimbudzi, nthawi zambiri vent palibe kapena yatsekeka. Gully ndi kadzenje ka kunja kwa nyumba kokhala ndi sefa pamwamba, komwe madzi a m'beseni ndi m'shawa amagwera. Ngalande ikatsekeka, madzi oipa amasefukira pamenepo m'malo mobwerera m'nyumba. Manhole ndi dzenje lomangidwa ndi njerwa, lokhala ndi chivundikiro, pamalo pamene mapaipi akumana kapena kukhota. Ndi pamene mmisiri amapisira ndodo potsegula paipi yotsekeka. Amene amawaka simenti pamwamba pa manhole kuti pabwalo paoneke posalala amadzaswa okha tsiku la vuto.

Mapaipi si amodzi

Nyumba zambiri zakale, monga za ku Kanjedza, Nkolokosa ndi Area 18, zidamangidwa nthawi imene madzi ankayenda m'mapaipi achitsulo otchedwa GI. Mapaipiwa akakalamba amachita dzimbiri m'kati, njira ya madzi imachepa, ndipo m'mawa mpopi umayamba ndi kulavula madzi ofiirira. Kumata matailosi atsopano pamwamba pa GI wa zaka 40 n'kudzitchera msampha.

PPR ndi paipi ya pulasitiki yolimba, kawirikawiri yobiriwira, imene amailumikiza poitenthetsa ndi makina. Siichita dzimbiri. Komabe nayo ili m'magulu, ndipo gulu lake limalembedwa pa paipi pomwepo: PN10 ndi ya madzi ozizira, pomwe PN20 ndi yochindikala, yoyenera madzi otentha. Mwini nyumba amene walipira PN20 ali ndi ufulu wowerenga yekha zolembedwazo paipiyo isadalowe m'khoma.

PVC ya madzi otayidwa ndi ina. Imeneyi ndi yopepuka, ndipo ntchito yake ndi kutsitsa madzi amene agwira kale ntchito. Ya chimbudzi imakhala ya mamilimita 110, ya beseni ndi shawa imakhala ya mamilimita 40 kapena 50. Siidapangidwe kuti ipirire mphamvu ya madzi ochokera kumita, ngakhalenso madzi a giza. Mapaipi obweretsa madzi m'nyumba amatchulidwabe m'mainchesi, half inch ndi three quarter, ndipo mpopi wa muyeso wina sukwana pa paipi ya muyeso wina popanda cholumikizira.

Chasing ndi kusema ngalande m'khoma kuti mapaipi abisike. First fix ndi ntchito yonse yoyala mapaipi makoma asadapakidwe pulasitala. Second fix ndi kudzaika mipopi, beseni ndi chimbudzi kumapeto. Pakati pa ntchito ziwirizi pali tsiku limene mwini nyumba sayenera kujomba. Mapaipi atsekedwe kumapeto konse, madzi atsegulidwe, kenaka ayang'ane malo onse olumikizira ndi mita ya madzi. Mita ikamayenda mipopi yonse ili yotseka, ndiye kuti pena pake pakudontha. Kukonza tsiku limenelo n'kwa mphindi zochepa. Kukonza matailosi atamatidwa n'kuswa khoma.

Madzi sakwera phiri

Pulambala akanena fall amatanthauza kutsetsereka. Madzi otayidwa alibe makina owakankha, amangotsata kotsika. Paipi ya chimbudzi iyenera kutsika pafupifupi masentimita awiri pa mita iliyonse. Ikagona mofanana, zoipa zimaima panjira, ndipo banja limadzakhala kasitomala wokhazikika wa anthu otsegula mapaipi.

Pansi pa bafa napo pamafunika kutsetsereka kolowera pamene madzi amatulukira. Kutsetsereka kumeneku kumapangidwa ndi screed, simenti yosakaniza ndi mchenga imene imathiridwa pansi matailosi asadaikidwe. Kuyesa kwake sikufuna sukulu. Ndowa imodzi ya madzi ikathiridwa pansi imaulula zonse. Madzi akathamangira kukhomo kapena kudikha pakona, mmisiri abwereze. Mabafa ambiri amene pakhomo pake pamakhala chisanza chonyowa chaka chonse adalephera mayeso a ndowa amenewa.

Liwu limene limadumphidwa kwambiri pofuna kuchepetsa mtengo ndi waterproofing. Awa ndi mankhwala kapena nsalu yapadera imene imapakidwa pansi ndi m'makoma a shawa kuti madzi asalowe m'njerwa. Anthu ambiri amaganiza kuti matailosi paokha amatchinga madzi. Madzi amadutsa m'mipata ya pakati pa matailosi, n'kulowa m'khoma pang'onopang'ono. Zotsatira zake zimaonekera kuchipinda choyandikana nalo: penti kufundukuka, khoma kuchita nkhungu, zovala za m'wadirobu kununkha chinyezi. Amisiri odziwa ntchito akapaka mankhwalawa amatseka potulukira madzi, n'kusiya madzi atadikha pansi kwa maola 24 kuti aone ngati akuchepa. Mwini nyumba amene akudziwa za mayeso amenewa sangauzidwe kuti "tapaka kale" n'kungovomera.

Chikomekome cha mkuyu

Pa matailosi ndi pamene maso a anthu amathera, ndipo ndi pamene ndalama zambiri zimapita. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bafa lonyezimira lokhala ndi mapaipi odontha ndi mkuyu womwewo.

Matailosi a kukhoma ndi a pansi ndi osiyana. A kukhoma amakhala opyapyala ndi oterera, ndipo akaikidwa pansi amasweka msanga. Choopsa kwambiri n'chakuti akanyowa ndi sopo amagwetsa anthu. M'nyumba mmene muli agogo, mayi woyembekezera kapena ana aang'ono, pansi pa bafa pamafunika matailosi okhakhala, amene m'sitolo amawatcha matt kapena non-slip. Kuthyoka kwa fupa la m'chiuno kwa munthu wachikulire si nkhani yaing'ono, ambiri sayendanso bwino.

Ogulitsa amatchulanso ceramic ndi porcelain. Porcelain ndi yolimba kwambiri ndipo siimwa madzi, imamwa osafika theka la peresenti imodzi ya kulemera kwake, n'chifukwa chake ndi yodula. Ceramic yabwino imakwanira kukhoma. Matailosi amawerengedwa m'masikweya mita: chipinda cha mamita 2 m'litali ndi mita imodzi ndi theka m'lifupi chili ndi masikweya mita atatu pansi. Pogula n'kwanzeru kuonjezera 10 peresenti chifukwa ena amadulidwa, ena amasweka. Pa katoni pamakhalanso nambala ya gulu limene adaotchedwera limodzi kufakitale. Kudzagula katoni yoonjezera mwezi wamawa kungabweretse mtundu wosiyana pang'ono, ndipo kusiyanako kumaoneka bwino pakhoma.

Adhesive ndi guluu wa matailosi amene amabwera m'matumba ngati simenti. Grout ndi phala lotsekera mipata ya pakati pa matailosi. Silicone ndi wofewa ngati labala, ndipo malo ake ndi m'makona komanso pamene beseni kapena bafa lakumana ndi khoma, chifukwa grout pamalo otere imang'aluka. Tailosi yomatidwa bwino ikagogodedwa ndi ndalama yachitsulo imamveka yodzaza. Ikamveka ngati ng'oma ndiye kuti mmisiri adangodonthezera guluu m'makona, pakati pali mphako, ndipo tsiku lina idzasweka.

Kathanki kakuba madzi

Cistern ndi kathanki kosunga madzi ogejemulira. M'kati mwake muli ball valve, chotsekera chokhala ndi choyandama chimene chimaimitsa madzi kathankiko kakadzaza. Chikafooka, kapena labala wa pansi akatha, madzi amangotsikira m'chimbudzi usana ndi usiku mwakachetechete. Banja limadzadzidzimuka ndi bili, kapena mayunitsi a mita yolipiriratu kutha masiku ochepa, n'kuyamba kuloza chala bungwe la madzi. Komatu udindo wa bungwe umathera pa mita. Kuchokera pamenepo kulowa m'nyumba ndi za mwini nyumba.

Mathanki akale amataya malita 9 kapena kuposerapo pa kugejemula kumodzi. A dual flush ali ndi mabatani awiri, kawirikawiri la malita 3 ndi la malita 6. Masamu ake ndi osavuta. Banja la anthu 6, aliyense akagejemula kasanu patsiku, ndiye kuti kagejemulidwa ka 30. Pa malita 9 ndi malita 270, pa malita 6 ndi malita 180. Kusiyana kwake ndi malita 90 patsiku, malita 2,700 pamwezi, ngakhale batani laling'ono lisadakhudzidwe n'komwe. Mabungwe a madzi amalipiritsa pa cubic metre, amene ndi malita 1,000. Mumzinda ngati Blantyre, kumene madzi ambiri amachita kupopedwa ndi magetsi kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kuwataya chonchi n'kulakwira thumba komanso anansi amene mipopi yawo yauma.

Pali timipopi tiwiri timene aliyense m'nyumba, ngakhale ana, ayenera kudziwa pamene tili. Stopcock ndi chotsekera madzi a nyumba yonse. Angle valve ndi kampopi kakang'ono ka pansi pa beseni kapena cistern, kotsekera chinthu chimodzi chokha. Popanda angle valve, mpopi umodzi ukaonongeka nyumba yonse imakhala yopanda madzi mpaka pulambala apezeke.

Giza si masewera

Liwu lakuti pressure limatanthauza mphamvu imene madzi amatulukira, ndipo imayezedwa mu bar. Kwa amene amadalira thanki ya pamwamba chifukwa cha kudukiza kwa madzi, lamulo lake ndi ili: mamita 10 aliwonse a kutalika amapereka bar imodzi. Thanki imene madzi ake ali mamita atatu okha pamwamba pa shawa ikupereka mphamvu yosafika theka la bar. Munthu akagula shawa yaikulu ngati mbale imene adaiona kuhotela, pa mphamvu yotereyi imangodontha ngati denga lothonya. Mixer, mpopi wosakaniza madzi otentha ndi ozizira, nawo umafuna kuti mbali ziwirizo zikhale ndi mphamvu yofanana. Funso la pressure liyenera kufunsidwa munthu asadapite kusitolo.

Pa giza ndiye pali moyo wa anthu. Element ndi chitsulo chotenthetsa madzi, ndipo chimapsa giza ikayatsidwa m'kati mulibe madzi. Non-return valve imaletsa madzi kubwerera m'mbuyo mipopi ikauma. Thermostat imazimitsa magetsi madzi akafika pa mlingo woikidwa, kawirikawiri madigiri 60. Safety valve imatulutsa madzi mphamvu ikachuluka m'kati. Ena akaona kapaipi kake kakudontha amakatseka ndi chitsekerero kuti pasanyowe. Kutero n'kusandutsa giza kukhala bomba, chifukwa tsiku limene thermostat idzafe, nthunzi idzasowa kotulukira.

Liwu lina losayenera kunyengerera ndi earth, waya wopititsa magetsi osochera munthaka m'malo modutsa m'thupi la munthu. Tizipangizo totenthetsa madzi pa shawa pomwepo tafala chifukwa n'totsika mtengo poyerekeza ndi giza. Tikalumikizidwa popanda earth, ndi mawaya omangidwa ndi tepi pamwamba pa mutu wa munthu wonyowa, ngozi yake ndi imfa. Mpopi ukamagwira ngakhale pang'ono, magetsi azimitsidwe tsiku lomwelo. Ntchito imeneyi ndi ya mmisiri wa magetsi wovomerezeka, pulambala asaikhudze.

Kumene zonse zimathera

Chimbudzi chogejemula sichifafaniza zoipa, chimangozisamutsa. Madera ochepa okha a m'mizinda ndi amene adalumikizidwa ku sewer, mapaipi akuluakulu opititsa zonyansa kumalo ozisungunulira. Nyumba zina zokhala ndi chimbudzi chogejemula zimadalira septic tank ndi soakaway, ndipo anthu ambiri amasokoneza ziwirizi.

Septic tank ndi thanki yomangidwa mosadontha, kawirikawiri ya zipinda ziwiri. Zolimba zimakhazikika pansi n'kumaola, madzi okha ndi amene amasefukira ku soakaway, dzenje la miyala limene limawamwetsa munthaka. Thankiyi imadzaza ndithu ndipo imafunika kupopedwa, choncho iyenera kukhala pamalo pamene galimoto yopopa ingafike. Matewera, mapadi ndi madzi a mvula ochokera padenga sayenera kulowamo.

Mmisiri akakumba dzenje limodzi losawaka bwino n'kulitcha septic tank, zonyansa zimalowa munthaka mwachindunji. M'madera mmene mapuloti ndi opanikizana ndipo anthu amamwa madzi a pachitsime, vutoli silikhalanso la mwini nyumba yekha. Malangizo a zaukhondo amati dzenje lotere litalikirane ndi chitsime kapena mjigo ndi mamita osachepera 30. Mliri wa kolera umene udayamba ku Machinga mu March 2022 n'kupitirira mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kolera imafala pamene chimbudzi cha munthu chakumana ndi madzi akumwa. Kudziwa kusiyana kwa septic tank ndi soakaway kungateteze mwana wa mnansi amene sadalowepo n'komwe m'bafa lokongolalo.

Mawu a ndalama

Mikangano yambiri ya eni nyumba ndi amisiri imachokera pa mawu anayi. Quotation ndi mtengo umene mmisiri walonjeza kugwirira ntchito yonse yolembedwa. Estimate ndi kungoyerekeza, ingakwere. Labour only ndiye kuti mmisiri akulipiritsa manja ake okha, zipangizo agula mwini nyumba. Supply and fix ndiye kuti mmisiri agula yekha zipangizo n'kuziika. Anthu awiri angagwirane chanza aliyense akuganiza zake, ndipo pakutha pa sabata ntchito yaima, wina akuti ndalama zatha, wina akuti adalipira zonse.

Pepala limathetsa zonsezi. Kotesheni yabwino imatchula chinthu chilichonse, muyeso wake, kuchuluka kwake ndi mtengo wake. Mzere wongolembedwa kuti fittings kapena sundries, n'kuikapo ndalama zambiri, uyenera kumasulidwa: ma elbow angati, ma tee angati, ma socket angati. Awa ndi timalumikizo tokhotetsa paipi, togawa njira ndi tolumikiza mapaipi awiri, ndipo timawerengeka. Malipiro ayende ndi ntchito, gawo lina poyamba, lina mapaipi akayesedwa, lotsiriza bafa litagwira ntchito masiku angapo popanda kudontha. Malisiti asungidwe, chifukwa ngakhale kukadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission za katundu wachinyengo kumafuna umboni.

Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi abale amene akugwira ntchito ku Johannesburg, Cape Town kapena ku Britain, n'kumatumiza ndalama kumudzi. Iwo amangolandira zithunzi pa WhatsApp, ndipo zithunzi zimene zimatumizidwa mwachangu ndi za matailosi. Wodziwa mawu amapempha zina: chithunzi cha mapaipi khoma lisadatsekedwe, cha zolembedwa pa paipi, cha trap ya shawa, cha m'kati mwa septic tank isadavundikiridwe.

Nanga mmisiri adalembedweranji?

Ena anganene kuti zonsezi n'kudzivutitsa. Munthu amalemba katswiri kuti iye asavutike ndi kudziwa, monga wodwala sawerenga mabuku a udokotala asadapite kuchipatala. Mfundoyi ili ndi nzeru, koma wodwala yemweyo amafunsa dzina la matenda ake ndi kamwedwe ka mankhwala. Palibe amene akuti mwini nyumba aphunzire kulumikiza PPR. Chofunika ndi kudziwa chimene chikuikidwa, ntchito yake, ndi kaonekedwe kake chikaikidwa bwino.

N'zoonanso kuti si mmisiri aliyense wolankhula Chingerezi cha ntchito amene akufuna kuba. Amene adadutsa m'makoleji a ntchito zamanja monga Soche ndi Lilongwe adaphunzira mawuwa m'Chingerezi, amene adaphunzirira pa ntchito adawamva kwa abwana awo momwemo, ndipo m'sitolo katundu amagulitsidwa ndi mayina omwewo. Nthawi zina wolakwa amakhala mwini nyumba. Mmisiri akatchula waterproofing kapena vent, bwana amati zimenezo n'zongokometsera, zichotsedwe, ndalama zipite ku matailosi odula. Zikadzavuta, dzina loipa limagwera mmisiri. Choncho kudziwa mawu kumatetezanso mmisiri wachilungamo, chifukwa kasitomala wozindikira sathamangira wotchipa amene wadumpha theka la ntchito.

Komabe udindo waukulu uli kwa amene akudziwa. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, pamodzi ndi makoleji, angachite bwino kuonetsetsa kuti wophunzira upulambala akutha kufotokozera kasitomala ntchito yake m'chilankhulo chimene kasitomalayo amamva. Sipafunika komiti yopeka mawu atsopano. Trap ikhale trap, bola wina anene kuti ndi pamene pamatsala timadzi totchinga fungo. Eni mahadiweya nawo angaphunzitse anyamata awo kufunsa funso limodzi asadalandire ndalama: paipi yanu ili pansi kapena kukhoma?

Bwana uja akadangomeza manyazi n'kunena kuti, "Amisiri, pepani, P-trap mwatchulayo ndiye chiyani? Tandionetsani," yankho likadatenga mphindi imodzi, mmisiri ataloza chala kukhoma. Mmisiri weniweni sakwiya ndi funso lotere, amakondwa kuti wapeza munthu woyamikira ntchito yake. Amene wakwiya kapena kuyankha kuti "zimenezo tisiyireni ife" waulula kale khalidwe lake ndalama zisadatuluke, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi: pulambala wotere athokozedwe, aperekezedwe mpaka pageti.